Mitumbira Iwiri Pansi pa Mbawa

Mlendoyo anafika dzuwa lili paliwombo, mu Okutobala wa chaka cha 2008, atakwera kabaza wochokera ku Namitambo. Pambuyo pake pankabwera kabaza wina atasenza bokosi lachikasu ndi chinthu cha miyendo itatu chomangidwa ndi mphira. Sanafunse njira kwa munthu. Anapitirira pamjigo, amayi atasiya kupopa n'kumamuperekeza ndi maso. Anapitirira nyumba zonse za m'mudzimo mpaka anakaima pa yomalizira, ya Esnat Tikhala, imene khomo lake linapenya kumanda.

Esnat anali pakhonde akupeta nandolo. Chimwalirireni amayi ake, a Dorothy, pakhomopo sipankafika munthu wongocheza. Anthu sankamuda ayi, koma njira ya kwa iye ndi yomweyo ya kumanda, ndipo njira imeneyo munthu sayenda popanda chifukwa. Anali mtsikana wosakwatiwa, wa nkhuku zowerengeka ndi wailesi yolira pokhapokha mabatire akawotha dzuwa. Masiku ena dzuwa linkatuluka mpaka kulowa dzina lake lisanatchulidwe ndi pakamwa pa munthu.

"Odi kuno!"

"Eee, fikani."

Anali mnyamata wamtali, wochepa thupi, wovala chipewa chansalu chofwifwa. Atachivula anamwetulira, ndipo Esnat anaona kampata pakati pa mano ake akutsogolo. Anamupatsa mpando, nalonjerana. Chinyanja chake sichinali cha kuno, chinkamveka cha kuchigawo chapakati.

"Ine ndine Davie. Ndabwera kudzapempha chulu chanucho."

"Chulu? Mukufuna kuumba njerwa?"

"Ayi. Ndingoimikapo chinthu ichi kwa masabata ochepa. Sichidya kanthu, sichisokosa."

"Nanga chimatani?"

"Chimamvetsera kumwamba."

Esnat anaseka, kenako anadzidzimuka ndi kuseka kwakeko, pakuti panali patapita nthawi asanakumve. Anavomera. Mlendo uja anakwera pachulu, natambasula miyendo itatu ija, pamwamba pake n'kuikapo kambale koyera konga chivundikiro cha poto. Atatha sanatsike msanga. Anaima chilili akuyang'ana mitengo ya kumanda, mibawa, mikuyu ndi mitondo yothithikana, yakuda bii pakati pa minda youma.

"Ndi yokhayi imene yatsala," anatero, osati kwa Esnat kwenikweni.

Madzulo kabaza anabwera kudzamutenga. Anapita ndi kambale kaja, koma miyendo itatu ija inatsala pachulu ngati munthu wodikira mnzake.

M'mawa mwake anabweranso, ndipo Esnat anamufunsa bwinobwino za ntchito yake. Davie anakhala pansi n'kutola kamtengo.

"Ku Chileka kuli kandege," anatero akujambula padothi. "Pamimba pake anamangapo makina, amati laida. Kandegeko kakamauluka, makina aja amawaza kuwala pansi, tizidutswa tambirimbiri ngati mvula yowaza, koma ndi maso simungatione. Kena kamagunda nsonga ya mtengo n'kubwerera. Kena kamalowa pakati pa masamba n'kukagunda nthambi ya m'munsi. Kena kamapulumuka mpaka kukafika padothi. Kamene kafika patali kamachedwa kubwerera. Ndiye makina amawerengera n'kudziwa kuti mitengo yatalika bwanji, m'kati mwake muli zitsamba zochuluka bwanji, pansi pake pakhala motani."

"Kuti zitani?"

"Kuti tidziwe amene angakhalemo. Nkhalango ili ngati nyumba yosanja. Mbalame zina zimafuna pamwamba, zina pakati, zina zimangoyenda pansi m'masamba ouma. Changa amafuna mphako. Chipinda chimodzi chikagumuka, mwini wake amasowa kolowera."

"Nanga ichi cha pachulu?"

"Chimathandiza kuti ndege idziwe pamene ili penipeni. Popanda icho zithunzi zimakhota."

Ananenanso kuti anzake ena anali ku Njuli, ena cha ku Magomero, aliyense pafupi ndi manda, chifukwa m'dera lonselo mitengo yachilengedwe inathera ku makala ndi kuotchera njerwa. Kumanda kokha ndi kumene nkhwangwa imaopa.

"Ndiye inuyo anakuponyani kuno?"

"Anandifunsa kumene ndikufuna. Ndinati kuno."

"Mumakudziwa?"

"Ndinangokumva." Anafufuta chojambula chake ndi phazi.

Pamjigo nkhani inali itayamba kale kuyenda, yoti Esnat wasunga namapopa, ndipo chinthu cha pachulu chimakoka magazi a anthu ali m'tulo. Amene analimba mtima kudzaona anali a Kalinde, mkulu wa adzukulu okumba manda, nkhalamba yaifupi yosatha nthabwala pakamwa.

"Iwe mwana wa Dorothy, udakali ndi magazi kapena akumaliza kale?"

"Ndidakali nawo, agogo."

"Chabwino." Anatembenukira kwa Davie. "Bwana wa ndege, ngati ndi magazi mukufuna, pitani ku Limbe kwa odya nyama. Ife kuno mungopopa madzi a nandolo."

Davie anaseka, nawafotokozera zonse kachiwiri. Kenako anapempha chinthu chimodzi. Ndege imaona kutalika kwa mtengo, koma siidziwa kunenepa kwake kapena mtundu wake. Zimenezo zimafuna munthu alowe ndi tepi.

Nthabwala zinachoka pankhope ya a Kalinde. "Kumanda salowa ngati mu sitolo, amwene. Kulowa n'kwa maliro, kapena tsiku lolambula. Tilambula mwezi wa Novembala ukangoyamba, monga timachitira chaka chilichonse. Tsiku limenelo bwerani ndi tepi yanu. Lisanafike, yezerani panja."

"Ndidikira," anatero Davie, ndipo Esnat anaona ngati kukanizidwako kwamupeputsa mtima.

Kuyambira pamenepo masiku a Esnat anakhala ndi poyambira. Kukamacha ankamva belu la kabaza, kenako mawu aja: "A Esnat, mwadzuka bwanji?" Davie ankakwera pachulu ndi magalasi ake oonera patali, n'kukhala chete kumvetsera mbalame. Esnat anayamba kusesa mbali ya kuchulu, malo amene kale sankawasesa n'komwe. Tsiku lina Davie anamukodola ndi dzanja.

"Bwerani msanga. Yang'anani pa mkuyu uja, nthambi ya kumanzere."

M'magalasimo Esnat anaona nkhulukulu, yobiriwira, ikuthamanga panthambi ngati gologolo. Itatambasula mapiko, kunsi kwake kunali kofiira psuu. Anali atamva kulira kwake moyo wake wonse, koma kuiona pafupi chonchi kunali koyamba.

"Ili yokha," anatero Davie motsitsa mawu. "Ndaifunafuna inzake, sindinaione. M'mabulugamu siingakhale. Manda ena ali kutali, ndipo pakati ponsepa ndi minda yokhayokha. Kuti iuluke ikafike, ikapumira pati?"

Esnat anabweza magalasi aja n'kupita kukatunga madzi amene sankawafuna.

Munthuyu ankafunsa mafunso amene wina aliyense sanamufunsepo Esnat. Amayi anu anali otani? Ankakonda kuimba? Nyumbayi anamanga ndani? Ndipo Esnat akamayankha, iye ankamvetsera ndi nkhope yonse, ngati munthu waludzu. Anakonza chitseko chimene chinkakhulika pansi. Anakwera padenga n'kuyala pulasitiki pomwe pankadontha, nati mvula ili pafupi. Koma sanamugwirepo dzanja ngakhale tsiku limodzi, ndipo akakhala pakhonde ankasiya danga loti mwana n'kukhalapo. Esnat anati ndi ulemu, ndipo ulemuwo unamukondetsa koposa. Anatulutsa chitenje cha amayi ake chimene ankachisungira kutchalitchi, n'kuyamba kuchivala pakati pa sabata. Akamapalira m'dimba ankapezeka kuti wasiya khasu, akuona m'maganizo mwake nsapato ziwiri zazimuna zili pakhomo, malaya aamuna pachingwe, munthu woti n'kumuuza kuti nkhuku yaswa.

Tsiku lina anamuphikira kalongonda. Nyemba zimenezi zimafuna kuleza mtima, kuwiritsa n'kutaya madzi, kuwiritsanso n'kutayanso, kufikira ululu wake utatha. Anayamba kusanache, nkhuni zake zonse n'kuthera pomwepo. Davie atatsegula mbale, anangoziyang'ana nyembazo.

"Simudya?"

"Ndimadya. Kaya. Fungo ili ndikulidziwa."

"Kwanu amaphika?"

"Ayi, kwathu saphika." Anatola nyemba imodzi n'kuitafuna pang'onopang'ono. "A Esnat, pali nkhani imene ndimafuna ndikuuzeni, koma ndikasaka poyambira sindipapeza."

Esnat anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. "Mudzandiuza mukadzapapeza," anatero, poganiza kuti akudziwa kale nkhaniyo.

Ndege inabwera m'mawa wina kumwamba kuli mbee. Inayamba kumveka cha kuphiri la Chiradzulu, kenako inaoneka, kakang'ono koyera, ikuyenda mowongoka ngati munthu wokoka chingwe cha mizere. Ikafika kumapeto inkakhota n'kubwerera pambali pang'ono. Amayi ena anakokera ana m'nyumba. A Kalinde anaima pabwalo atavula chipewa n'kumakuwa kuti, "Yezani bwino, musandidule, ndine wamfupi kale!" Davie anali pachulu, wailesi yolankhulira ili pakamwa, maso ali pa kambale kaja.

Esnat anaima pabwalo n'kutambasula manja. Anafuna kumva kuwala kuja kukumugwa pakhungu. Sanamve kanthu. Komabe anakondwa podziwa kuti kadutswa kena kagunda pamutu pake n'kubwerera kumwamba kukanena kuti pano pali munthu.

Patapita masiku angapo Davie anapita ku Blantyre, ndipo pobwera anabwera ndi kompyuta ya m'manja. Anaitsegula pakhonde, mumthunzi.

"Sanamalize kukonza, koma onani."

Pagalasipo panali timadontho tosawerengeka, tofiira pamwamba, tachikasu pakati, tobiriwira pansi. Davie atayendetsa chala, timadontho tija tinatembenuka, ndipo Esnat anazindikira mitengo ya kumanda, yathunthu, ikuyandama mumdima ngati mtambo. Pakati pake panali mbawa yaikulu ija, yoposa inzake yonse. Pambali panali kadenga ka nyumba yake, kokhakokha.

"Tsopano tichotse mitengo," anatero Davie.

Anadina, ndipo mitengo yonse inazimirira. Panatsala dothi lokha, lotuwa, ndipo padothipo panali timatuza tating'onoting'ono, tina m'mizere, tina tomwazikana ngati mitumbira ya mbatata. Esnat anagwira pakamwa.

"Mayo! Awa ndi anthutu."

"Eya."

"Ndiye mwawavula. Tsekani, a Davie, bwezerani mitengo."

Koma Davie sanamve. Nkhope yake inali pafupi ndi galasi, chala chikuyenda pa timatuza tija kamodzikamodzi.

"Ndakhala ndikuyang'ana kuyambira dzulo," anatero. "Ndimayesa kuti ndikaona ndidziwa. Koma onse ndi ofanana. Kuwala sikunena kuti uyu ndi ndani."

"Mukufuna ndani?"

"Ndili ndi wanga mmenemu."

Mawuwo atangotuluka anatseka kompyuta ija mofulumira ngati yamuotcha. Esnat anamufunsa kuti ndani, mwamuna kapena mkazi, wa chaka chiti. Davie anangopukusa mutu.

"Ndikhululukireni. Ndikanena panja pano, mwina tsiku lolambula sadzandilola n'kulowa komwe. Ndifike kaye."

Tsiku limenelo anachoka dzuwa likadali pamwamba, wapansi, osadikira kabaza.

Esnat anakhala pakhonde mpaka mthunzi wa mitengo ya kumanda unafika pamapazi ake. Mudzi wawo unali waung'ono. Aliyense wogona m'mandamo ana ake ankadziwika kumene ali, kupatula anthu awiri okha, ndipo awiri onsewo anali a m'nyumba mwake momwe.

Woyamba anali a Rafaeli, amalume ake, mlongo wa amayi ake. Iwo ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, ndipo anabwera kumudzi okha, atadwala, n'kudzamwalira Esnat ali kusukulu ya pulayimale. Zinkamveka kuti kumeneko anasiya mkazi ndi mwana wamwamuna, koma pamaliro sanabwere, ndipo sanaonekepo.

Wachiwiri anali a Bernadetta, mng'ono wa amayi ake, amene anamwalira Esnat ali khanda. Mwamuna wawo anali mkamwini wochokera kutali. Kuno mwana ndi wa kwa mayi, ndipo mkamwini mkazi wake akamwalira amabwerera kwawo chimanjamanja. Bamboyo sanafune zimenezo. Tsiku la maliro, anthu onse ali kumanda, anabereka kamnyamata kake kumbuyo n'kusowa. A Dorothy analira mwana ameneyo mpaka imfa yawo, koma dzina lake sankalitchula. Ankangoti "wa Bena uja," n'kutembenukira kukhoma.

Kampata ka mano kaja a Dorothy analinso nako. Ankati onse atatu anabadwa nako. Esnat anadabwa kuti sanaganizirepo.

Tsopano nkhani inali poyera. Ngati Davie ndi mwana wa a Rafaeli, ndiye ndi msuweni wake, mwana wa amalume, amene mwambo umamutchula kale kuti mwamuna wako ngakhale musanaonane. Anthu akhoza kungoseka n'kululutira. Koma ngati ndi mwana wa a Bernadetta, ndiye ndi mlongo wake, wa bere limodzi, ndipo zonse zimene ankaziona m'dimba muja ziyenera kukwiriridwa osauzako munthu.

Dwangwa ili kuchigawo chapakati, anadziuza. Chinyanja chake n'cha komweko. Anagwira mfundo imeneyi ngati munthu wogwira udzu pamtsinje wodzaza. Koma mtima wina unkamufunsa kuti, nanga mkamwini wothawa ndi mwana amathawira kuti, si kutali komwe? Nanga danga lija la pakhonde?

Masiku otsalawo Davie ankabwerabe, koma ankangokhala pachulu. Moni wa m'mawa unalipo, wofewa ngati kale. Esnat ankatha kumufunsa mwachindunji, funso la mawu atatu okha, ndipo kangapo konse anafika nalo mpaka patsinde pa chulu. Koma ankabwerera nalo. Pamene sanadziwe, anali adakali ndi zonse ziwiri. Anamva kwa mnyamata wa kabaza kuti ntchito yatha, ndipo tsiku lotsatana ndi lolambula galimoto idzabwera kudzatenga katundu.

Tsiku lolambula linafika kuli mitambo ya mvula yoyamba. Anthu anasonkhana pakhomo la manda ndi makasu, zikwanje ndi matsache. Mkulu wa mpingo anapemphera, a Kalinde anawomba m'manja katatu n'kunena kuti, "Eni mudzi, tabwera kudzasesa pakhomo panu," ndipo onse analowa.

M'katimo munali mozizira ndi mwamdima, mukununkha masamba owola. Mabanja anamwazikana, lililonse ku mitumbira yake, ana ndi zidzukulu, akukangana za amene waiwala fosholo, akuseka motsitsa mawu. Esnat anapita yekha pansi pa mbawa yaikulu, monga ankachitira chaka chilichonse. Pamenepo panali amayi ake, ndipo chakumapazi kwawo panali mitumbira iwiri yogundizana, yopanda mtanda, pakuti mitanda yamatabwa chiswe chinadya kalekale. Wa kumanzere unali wa a Rafaeli, wa kumanja wa a Bernadetta.

Anayamba ndi wa amayi ake. Akuzula udzu ankamuona Davie cha patali akuyenda mtengo ndi mtengo, akukulunga tepi pathunthu, akuyang'ana m'mwamba. Koma ankaonanso kuti maso ake sakhalitsa m'mwambamo. Ankatsika n'kumayenda pa mitumbira, pa nkhope za anthu, n'kubwera kwa iye.

Mbawa anaisiya komalizira. Atafika, tepi inakana kuzungulira ndi munthu mmodzi.

"A Esnat, tandigwirireni uku."

Esnat anagwira nsonga ya tepi n'kuitsamiza pakhungwa. Davie anazungulira, nabisika kuseri kwa thunthu, kenako anatulukira mbali inayo, dzanja lake n'kudzaima pafupi ndi la Esnat. Sanawerenge nambala. Ankayang'ana mitumbira iwiri ija.

"Awa ndi anu?"

"Ndi anga."

"Mumalambula nokha?"

"Nanga ndilambula ndi ndani?"

Tepi inagwa pansi. Davie anawerama n'kutola khasu la Esnat.

"Ayi, ayi, ayi, bwana wa ndege!" A Kalinde anabwera akudumpha mizu, chala chili m'mwamba. "Tepi tinalola, khasu sitinalole. Mwaona kuti muli m'munda mwa boma? Mtumbira salambula mlendo, ngakhale akhale wachifundo chotani. Aliyense amakanda msana wa wake. Ndipo wobwera kumene amayamba wanena kuti ndine uje, mwana wa uje, kuti wogonayo adziwe amene wamugwira. Apo ayi, bwezani khasu kwa mwini wake."

"Akufuna ganyu ameneyo!" anakuwa mayi wina, ndipo anthu anaseka.

Davie sanabweze khasu. Kuseka kuja kunazilala pang'onopang'ono. Makasu ena anaima. Anthu anayamba kusendera, ndipo nkhalamba ina yaikazi inayandikira kwambiri n'kumuyang'anitsitsa kukamwa.

"A Esnat," anatero Davie, "ndionetseni. Sindikudziwa kuti ndi uti."

Esnat anaima pakati pa mitumbira iwiri ija, wina kudzanja ili, wina kudzanja ilo. Anaona kuti munthuyu akumuyang'ana ndi chisoni, chisoni cha munthu amene anaona chitenje chija n'kumvetsa, koma anasowa pothawira. Anafuna kumuuza kuti asanene, abweze khasu, akwere galimoto yake mawa, amusiyire masabata aja momwe analili. Koma kumbuyo kwake kunali mtumbira wa amayi ake.

"Nenani," anatero. "Mukanena ndikuonetsani."

Davie anavula chipewa. Anayang'ana a Kalinde, kenako anthu onse aja.

"Bambo anga anamwalira chaka chatha. Ali pamphasa ndi pamene anandiuza kumene ndinachokera. Ndinkaopa kuti mukadziwa mudzandithamangitsa chifukwa cha zimene iwo anachita. Dzina loti Davie anandipatsa ndi iwo, panjira, tsiku limene anandichotsa m'mudzi muno inu nonse muli pansi pa mtengo uno."

Nkhalamba yaikazi ija inakhala pansi mwadzidzidzi n'kuyamba kulira. A Kalinde anavula chipewa chawo. Esnat anamva chinthu chikuduka m'chifuwa mwake mwakachetechete, ndipo pamalo pomwepo china chikumera, chowawa, chofunda. Anakweza dzanja lamanja, lolemera ngati mtondo, n'kuloza.

Mlendo uja anagwada pamutu pa mtumbirawo, naika khasu pansi, n'kugwira dothi ndi manja onse awiri.

"Amayi, ndine. Ndine Timoti, mwana wa Bernadetta."